Polishi wauma pa pulasitiki yakuda ya galimoto: mungamuchotse bwanji?

Bambo ena a ku Lilongwe atilembera imelo. Akuti anyamata otsuka magalimoto anapaka polishi Toyota Probox yawo, ndipo tsopano bampa yakuda ija ndi mapulasitiki a m'mbali mwa magalasi zili mbuu, mizere yoyera ngati choko. Atsuka kangapo, koma pakangouma zoyerazo zimabwereranso. Akufunsa chochita.

Bambo, musadandaule, bampayo sinaonongeke. Iyang'anitsitseni pafupi: pulasitiki yosapentedwa ili ndi timaenje ting'onoting'ono ngati khungu la lalanje. Mu polishi mumakhala phula ndi ufa wosalala kwambiri wokwechera penti. Pa penti zimapukutika mosavuta, koma pa pulasitiki zimalowa m'timaenjemo, dzuwa n'kuziumitsa gwa. Phula silisungunuka ndi madzi, n'chifukwa chake pakanyowa pamada, pakauma pamayeranso. Ntchito yanu ndi kuzitulutsa m'timaenjemo, osati kuziphimba.

Imikani galimoto pamthunzi mpaka pulasitiki izizire, ndipo matani tepi yapepala pa penti yoyandikana nayo. Sungunulani supuni imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi ofunda. Ndi mswachi wofewa, kwechani mozungulirazungulira kachigawo kofanana ndi chikhatho, kenako pukutani thovulo lisanaume. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: thovu likaumira pomwepo, ufa womwe mwatulutsa uja umabwerera m'timaenje. Dikirani paume kaye musanaweruze.

Zotsalira zifufuteni ndi labala yoyera ya pensulo, yomwe ana amapita nayo kusukulu. Pulasitiki ikhale youma. Mudzaona nyenyeswa za labala zikugwa pamodzi ndi zoyerazo, pansi pake pakutuluka chikuda chenicheni. Labala yokhakhala yofufutira inki ayi, imakanda.

Polishi akakhala wa miyezi ingapo, pamafunika sipiliti. Wabwino ndi isopropyl alcohol, wosakaniza ndi madzi theka ndi theka. Sipiliti wapepo wa m'mafamase amathandizanso, koma yambani mwamuyesa pamalo obisika, monga kunsi kwa bampa. Nyowetsani kansalu, osathira pagalimoto mwachindunji, ndipo muzitembenuza kansaluko kuti musamapakenso zomwe mwachotsa. Pa labala ya m'mphepete mwa magalasi dutsanipo kamodzi kapena kawiri basi, chifukwa sipiliti wambiri amaiumitsa.

Mwina ena akuuzani kale kuti kupaka chiponde kumachotsa zoyerazo. N'zoona kuti mukapaka pamada nthawi yomweyo, ndipo mafuta ake amafewetsako phula pang'ono. Koma kwenikweni amangonyowetsa ufa uja kuti usaoneke. Mvula ikagwa kawiri katatu, mizere ibweranso, pamwamba pake fumbi litakakamira. Mafuta ophikira ndi chimodzimodzi. Chonde chipondecho adye ana.

Zimene zimatidetsa nkhawa kwambiri ndi thina (wosungunulira penti), petulo ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Zimenezi zimatha kusungunula kapena kuyeretseratu pulasitiki, ndipo banga lake silichokanso. Buleki fuluwidi, yemwe ena amawalitsira matayala, akadonthera pa penti amaisupula.

Onaninso ichi: zotsalira za polishi zimakhala mawangamawanga, makamaka m'malire a penti, pomwe nsalu inkadutsa. Ngati bampa yonse yatuwa mofanana, ndiye kuti yapsa ndi dzuwa, ndipo kukwecha sikungathandize. Imeneyo imafuna mankhwala obwezeretsa chikuda, amene pabotolo amalembedwa kuti trim restorer. Pakani pang'ono ndi siponji pa pulasitiki yotsuka bwino ndi youma, n'kupukuta otsalira pakatha mphindi zomwe zalembedwa pabotolopo. Mukapaka musanachotse polishi wakale, sagwira.

Ulendo wina mukapita kokatsukitsa, tengani tepi yanu, muwapemphe anyamatawo amate mapulasitiki onse asanatsegule chitini cha polishi. Akaphonya n'kukhudza bampa, apukute pompopompo ndi kansalu konyowa polishiyo asanaume.