Conte sanatulukire ku Chelsea, achimwene

Mwafunsa ngati Antonio Conte anaumenyako mpira asanakhale mphunzitsi. Anaumenya ndithu. Anayambira kwawo ku Lecce, ku Italy, kenako mu 1991 anapita ku Juventus komwe anasewera pakati mpaka 2004, nakhalanso kaputeni. Champions League ya 1996 anaitenga ali osewera.

Chimene chimandisangalatsa ine n'choti uphunzitsi anauyambira pansi. Anayamba ndi Arezzo, nakweza Bari mu 2009 ndi Siena mu 2011 kuchoka mu Serie B, ligi yachiwiri ya ku Italy. Apa m'pamene Juventus inamuitana, itathera pa nambala 7 zaka ziwiri zotsatizana. Chaka choyamba anatenga ligi osagonjapo, ndipo chachitatu anakokera mapointi 102.

Za ku Chelsea mukuzikumbuka: Arsenal itawathira 3-0 mu 2016, anasintha n'kuika otchinga kumbuyo atatu, timu n'kupambana masewero a ligi 13 otsatizana mpaka ligi kuitenga. Inter anaipatsanso ligi mu 2021, Napoli mu 2025.

Vuto lake sakhalitsa. Osewera amawathamangitsa mpaka thukuta kuuma, ndipo mabwana akazengereza kugula osewera amene akufuna, salankhula mobisa. Ku Tottenham anachoka mu 2023 atawadzudzula poyera osewera ake omwe.