Akuti mwamunayo ndi mwana

Achemwali a ku Namwera, kalata yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku ndipo tulo sitinabwere msanga. Mwati muli ndi zaka 39, mwamuna amene akukufunani ali ndi 30, ndipo amalume anu akukana unkhoswe, ati simungakwatiwe ndi mwana woti mukanam'bereka kumsana. Mukufunsa ngati mum'siye. Mwandigunda pachilonda, ndiye mundilole ndiyambe ndi zanga.

Ine ndinakwatiwa koyamba ndili ndi zaka 21. Bambowo anali ndi 40, atangobwera kuchokera ku Joni ndi masutukesi awiri, mabulangete ndi ndalama za malata. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawerengera zaka. Amayi anga analuluta, amalume anati ndapeza munthu wokhwima nzeru. Ndipo sindinganame, ankandisamala: sopo sanasowe, ndiwo sizinasowe. Chimene chinasowa pakhomo paja ndi mawu anga. Ndikati ndiyankhepo, ankati, "Iwe ukudziwa chiyani? Pamene ndinkakwera basi ya ku Joni koyamba n'kuti ukuyamwa."

Tsiku lina ndinagulitsa mandasi pa depoti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndalama n'kumanga pansonga ya chitenje. Nditafika anamasula okha mfundo ija, kuwerenga ndalamazo pamphasa, n'kundibwezera za mchere basi. Sanakalipe, sanamenye. Anangochita ngati mmene kholo limachitira ndi mwana amene lam'tuma kumsika. Ndinapirira zaka 8, banja linatha.

Bambo akunyumba amene ndili nawo lero ndimawaposa ndi zaka 7. Tinadziwana ku Makawa, pa thandala la usipa, iwo akugula woti akagulitse ku Limbe, ine ndikuyanika wanga. Apa ndiye pakamwa pa anthu panatseguka. Ena ankati ndawadyetsa kondaine, ena ankati akungofuna mpamba wanga, ukatha athawa. Apongozi anga anatha chaka chathunthu osalawa nsima yanga. Akabwera ankati adya kale, ngakhale afike m'mamawa pa kabaza. Tsiku limene anadya n'kuti mwana wawo wagonekedwa m'chipatala ndi malungo, ine ndi iwo tagona pansi pa simenti masiku anayi. Anatenga mbamu m'kontena langa osanena kanthu, n'kudya. Ndinatuluka panja kukalira.

Ndiye ndikamamva mawu a amalume anu, mtima umandiwawa. Mudzi womwewo umene unandiombera m'manja nditatengedwa ndi munthu wondiposa zaka 19 ndi umene unandinyoza chifukwa cha zaka 7. Mawu oti chidyamakanda tili nawo, koma timawatchula pokhapokha ngati mwamunayo alibe kanthu m'thumba. Akakhala ndi boti la injini kapena shopu pa Boma, timati mwana wathu wachita mwayi. Zimenezi ndi zolakwika, ndipo sindibweza mawu. Anthu sadana ndi kusiyana zaka. Amadana ndi mkazi amene ali ndi nzeru zake ndi ndalama zake, woti mwamuna sangam'khazike chete.

Lamulo la dziko lino linanena kale pamene pali malire. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo oyendetsera dziko kuti mwana asakwatiwe ngakhale makolo atavomera. Nkhondo yoyenera kumenya ndi imeneyo, ya atsikana amene akutuluka mu Sitandade 7 kupita kubanja. Inu ndi mwamuna wanu nonse ndinu akuluakulu, ndipo lamulo silinatchulepo kuti wamkulu akhale ndani.

Sindikudziwani mpingo, koma ife amene tinakulira ku madrasa tikudziwa kuti Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anakwatira Khadija iye ali ndi zaka 25, mayiyo ali ndi 40 monga mbiri imanenera. Khadija anali wamalonda ndipo ndiye anam'lemba ntchito poyamba. Mtumiki sanakwatire wina mpaka mayiyo atamwalira. Nkhani imeneyi timaiphunzitsa ana athu, koma ikafika pakhomo pathu timaiwala.

Za ana

Apa ndisakunamizeni, chifukwa mpamene zaka zimalankhuladi. Mkazi akadutsa 35 kutenga pakati kumayamba kuvutirapo, akadutsa 40 kumavuta kwambiri. Mnyamata wa zaka 30 lero anena kuti ana alibe nawo ntchito, bola inu. Koma amayi ake adzafuna mdzukulu, ndipo kuno kwathu yankho limene achibale amathamangira ndi mitala. Palinso nkhani ya Joni. Anyamata a ku Mangochi akanyamuka amati miyezi 6, koma ndikudziwa akazi amene akhala zaka 5 akukwatiwa pa WhatsApp. Mtsikana wa zaka 22 angathe kudikira. Inu zaka 5 zimenezo simungazibweze. Ine ndinali ndi ana awiri kale, ndipo ndi bambo awa Mulungu anatipatsa mmodzi ndili ndi zaka 37. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti akanapanda kubwera mwanayo tikanakhala bwanji.

Choncho musam'siye chifukwa cha amalume. Khalani naye pansi, mum'funse za ana, za mitala ndi za Joni, ayankhe akukuyang'anani m'maso. Kayezetseni magazi limodzi. Mpamba wa geni yanu ukhale m'manja mwanu, muone ngati nkhope yake isintha mukam'kaniza ndalama kamodzi. Kwa amalume musapite nokha kukakangana nawo. Tumani azakhali kapena agogo amene iwo amawamvera, ndipo mwamunayo akaonekere yekha ndi akwawo. Amalume anga anakana kawiri, kachitatu anafunsa kuti mnyamatayo amagwira ntchito yanji.