Tekinishani asakhudze rauta katswiri wa pafoni asanavomere

Achimwene, ndaona funso lanu loti muli ndi mashopu ku Limbe, Zomba ndi Mulanje, netiweki ikumadukaduka, ndiye mukufuna kudziwa ngati ndi bwino kupeza tekinishani m'dera lililonse kapena kupereka ntchito yonse kwa kampani imodzi ya muno mu Blantyre. Amene akuti "ingoikani Starlink basi" aja mwina sanawerenge mpaka pansi. Starlink ibweretsa intaneti ya pa satelaiti pakhomo, koma siikonza switch (kabokosi kolumikiza makompyuta a m'shopu ndi zingwe) yopsa kapena chingwe chimene makoswe adya kudenga.

Ine ndimayang'anira makompyuta pa holoselo ina ku Limbe, ndipo nafenso tili ndi nthambi ku Mulanje. Lachisanu lina masana makina a pa kauntala kumeneko anasiya kulumikizana ndi seva ya kuno. Ndinaimbira a kampani amene timawalipira pamwezi, akuti tikuona. Ali mkati moona, manijala wa nthambi uja, poti makasitomala anali atadzaza pakhomo, anaitana mnyamata wina wa pamsika woika madishi. Mnyamata uja anangofika, kutenga chotokosera m'mano, kubaya kabowo ka reset uku akuyatsanso rauta yathu ya MikroTik, kabokosi kolumikiza nthambiyo ku intaneti. Basi. VPN, njira yotetezedwa yolumikiza nthambiyo ndi seva ya kuno, yapita, rauta yabwerera ngati yangotuluka m'katoni. Wa pafoni uja, amene ankatha kulowa mu rautayo ali pa mpando wake m'tauni, sanaionenso. Backup, fayilo yosunga mmene rauta inakonzedwera, panalibe, ndipo amene anaikonza poyamba anali atasiya ntchito kalekale. Tekinishani weniweni anafika Lolemba kudzera msewu wa Midima, anthu atagulitsa masiku atatu polemba m'kope. Vuto loyambalo mukudziwa linali chiyani? Adaputala ya magetsi ya switch inali itafa. Kanthu kolowa m'thumba la malaya.

Ndiye kaya musankha kampani imodzi kaya anyamata osiyanasiyana, chachikulu n'chakuti wolamula akhale mmodzi. Wa kutali uja ayambe waona yekha zimene angathe kuona, kenako ndi iyeyo atume munthu. Wofika pamalopo ajambule chithunzi cha timagetsi ta pa rauta ndi switch, atumize pa WhatsApp asanazule chingwe chilichonse, ndipo awiriwa akhale pafoni mpaka makina atatulutsa lisiti. Asamachoke chifukwa Facebook yatseguka pa foni yake, imeneyo si ntchito imene mwamuitanira. Mamanijala a nthambi muwauze poyera kuti saloledwa kuitana wawo, ngakhale akhale mlamu wawo wodziwa makompyuta.

Chenjerani ndi mawu oti "tili ndi anthu dziko lonse". Afunseni kuti tekinishani wa ku Zomba amagona kuti. Ambiri mupeza kuti onse amanyamukira pa Ginnery Corner pomwepa, ndipo mafuta akasowa galimoto ili pa mzere, inu mukudikira. Mu mgwirizano mulembetse maola enieni oti afike, komanso za Loweruka ndi Lamlungu, chifukwa netiweki imakonda kufa ofesi zitatsekedwa. Mapasiwedi ndi fayilo ya backup ya rauta iliyonse zikhale kwa inu eni ake. Akakana kukupatsani, thawani.

Za mitengo, kuitana munthu muno m'tauni ife timalipira cha m'ma K40,000 mpaka K60,000 pa ulendo, kunja kwa tauni amawonjezera mafuta ndi chakudya, nthawi zina mtengowo umawirikiza kawiri. Musadalire kwambiri manambala angawa, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 muja quotation siikhala sabata ziwiri isanasinthe, makamaka pa zipangizo zoitanitsa kunja. N'chifukwa chake ife tinagula maadaputala ndi switch yaing'ono yapadera, zili m'kabati pa nthambi iliyonse. Zingwe zonse tinamata timapepala ta manambala, kuti wa pafoni akanena "zulani nambala 3" ngakhale kashiya athe kuchita.

China chimene chatithandiza kwambiri ndi kuika SIM yachiwiri. Ngati intaneti yanu yaikulu ndi ya TNM, yapadera ikhale ya Airtel, kapena mosemphanitsa, kuti laini ina ikagwa wa kutali athe kulowabe n'kuona chavuta. Rauta ndi switch zikhale pa UPS (batire yogwirizira magetsi akazima) kapena inveta yawoyawo, osati pamodzi ndi firiji ndi ketulo ya tiyi.

Poti mwatchula Mulanje, mvula isanayambe mu November pezani wa zamagetsi ayeze earth (waya wotayira magetsi m'nthaka) ya nyumbayo, makamaka ngati muli ndi ka wailesi ka netiweki pa mlongoti padenga. Mphenzi za kumeneko zinatiwotchera ma port (molowetsa zingwe) awiri usiku umodzi.