Chipatala chikatha dizilo nkhondo ili mkati

FUNSO: Ndimamva pa wailesi kuti ku Gaza odwala amamwalira m'zipatala chifukwa chosowa dizilo. Za mabomba ndikumvetsa, koma dizilo akukhudzana bwanji ndi moyo wa wodwala? Wowerenga, Zomba.

YANKHO: Titenge chipatala cha Al-Shifa mumzinda wa Gaza, chomwe chinali chachikulu kuposa zonse m'deralo, cha mabedi pafupifupi 700. Nkhondo itabuka pa 7 Okutobala 2023, dziko la Israel linadula magetsi opita ku Gaza, ndipo pa 11 Okutobala malo okhawo opangira magetsi kumeneko anazima. Chipatalacho chinatsala ndi majenereta a dizilo, oyenda usana ndi usiku. Cha pa 11 Novembala dizilo anatha.

Oyamba kuvutika ndi odwala omwe akupumira makina. Batire la makinawo limakhala maola ochepa basi. Likatha, namwino amayenera kufinya ndi manja thumba lopopera mpweya osalekeza, munthu mmodzi pa wodwala mmodzi. Anamwino ochuluka chotero palibe. Makina opangira okosijeni nawonso amaima, ndiye masilinda otsala akatha, kwatha.

Kenako makanda obadwa masiku asanakwane. Thupi la khanda liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, koma khanda lotere lilibe mafuta okwanira pansi pa khungu, choncho limazizidwa msanga. Likazizidwa, shuga amatsika m'magazi ndipo kupuma kumavuta. Ku Al-Shifa makanda anawachotsa m'makina owafunditsa n'kuwagoneka pamodzi kuti azitenthetsana. Ena anamwalira. Pa 19 Novembala makanda 31 anasamutsidwira ku Rafah, kum'mwera kwa Gaza, ndipo mawa lake 28 anawolokera ku Egypt. Mwina mufunsa za njira ya kangaru, yogoneka khanda pachifuwa khungu ndi khungu, imene amayi akuno amaidziwa. Imathandizadi kufunditsa, koma siipereka okosijeni, komanso imafuna kuti mayi akhale pomwepo, pomwe nkhondo inali itabalalitsa mabanja.

Chimene ambiri saganizira ndi madzi. Mapampu amayendera magetsi. Wodwala impso amafunika kusefedwa magazi katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, ndipo ulendo umodzi umadya malita pafupifupi 120 a madzi oyeretsedwa. Akadumphitsa maulendo angapo, madzi amadzaza m'mapapo, mchere wa potaziyamu n'kuchuluka m'magazi mpaka mtima kuima. Imfa imeneyi siimveka ngati ya bomba, koma gwero lake ndi nkhondo yomweyo.

Ku fiyeta zida zochitira opaleshoni zimaphikidwa ndi nthunzi pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15. Popanda magetsi ndi madzi, zida sizikhala zoyera, mabala amachita mafinya, ndipo mwendo umene ukanapola umadulidwa. Magazi a m'firiji amafuna madigiri 2 mpaka 6. Firiji ikazima amatayidwa, nthawi yomwe ovulala akubwera mwaunyinji. Ku mochale nako n'chimodzimodzi, n'chifukwa chake mitembo ina inaikidwa m'manda amodzi pabwalo la chipatalacho.

FUNSO: Kodi palibe lamulo loletsa asilikali kukhudza chipatala? Wowerenga, Mzuzu.

YANKHO: Lilipo. Pangano lachinayi la ku Geneva la 1949 limateteza zipatala za anthu wamba. Chitetezocho chimatha pokhapokha chipatala chikugwiritsidwa ntchito povulaza mdani, ndipo ngakhale pamenepo payenera kuperekedwa chenjezo ndi nthawi yokwanira. Israel ananena kuti gulu la Hamas, lomwe ankamenyana nalo, linkagwiritsa ntchito Al-Shifa pa nkhondo, koma Hamas ndi akuluakulu a chipatalacho anakana. Asilikali a Israel analowamo pa 15 Novembala 2023, n'kubwereranso pa 18 Malichi 2024 kwa masabata awiri. Atachoka, ogwira ntchito a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO anapeza nyumba zambiri zitapsa kapena kugumuka, zida zitawonongeka, ndipo munalibe wodwala ngakhale mmodzi.