Madzi a pampopi adwalitsa ana anga: kodi ndingasumire bungwe la madzi?

Funso: Kwa masiku anayi mpopi wathu unkatulutsa madzi ofiira, onunkha ngati ngalande. Ana anga awiri adatsekula m'mimba, wina mpaka kugonekedwa. Ndidaimbira bungwe la madzi katatu, iwo ankangoti "tibwera". Madziwo ndidatungira m'botolo la chakumwa, lili kuchipinda masabata awiri tsopano. Bilu nayo yabwera yokwera. Alamu anga akuti ndisalipire, ndikangosuma. Nditani?

Yankho: Mayi, ufulu wosuma muli nawo. Mabungwe asanu ogawa madzi m'dziko muno amayendetsedwa ndi lamulo la Waterworks Act la 1995, amasumiridwa m'dzina lawo, ndipo ali ndi udindo wosamala kuti madzi ofika kwa inu akhale oyenera kumwa. Anthu a ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe adapita kubwalo lalikulu pamene zonyansa za m'suweji zidalowa m'mapaipi a madzi akumwa mu 2017. Koma botolo lili kuchipindalo ndi umboni wofooka kwambiri, ndipo milandu yambiri yotere imafera pomwepa.

Woweruza sakhutira ndi kuona madzi ofiira. Amafuna zinthu zitatu zilumikizane: kuti madziwo anali oipa, kuti adaipira kumbali ya bungwelo, ndi kuti ndi omwewo adadwalitsa anawo. Loya wa bungwe adzakupanikizani ndi mafunso. Botololi mudalitsuka ndi chiyani? Adakuonani ndani mukutunga? Mudatunga pampopi kapena m'ndowa? Tizilombo ta m'madzi timachulukana kapena kufa botolo likakhalitsa, choncho zimene labotale ingapeze lero sizisonyeza momwe madziwo analili tsiku lija.

Vutoli likabweranso, kapena ngati silidathe, musatunge nokha. Itanani mkulu woona za ukhondo wa kukhonsolo kapena wa kuofesi ya zaumoyo ya boma lanu, kapena funsani a Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za miyezo ya zinthu, kuti akuuzeni kapimitsidwe kake ndi mtengo. Botolo likhale la kulabotale, lophedwa tizilombo, lokhala ndi mankhwala oziziritsa mphamvu ya klorini kuti isapitirize kugwira ntchito m'botolomo. Atunge pampopi woyamba kuchokera pamita, atachotsa paipi yothirira kapena kansalu kosefera kamene ambiri amamanga kukamwa kwa mpopi, madzi atayenda mphindi ziwiri kapena zitatu. Pabotolo palembedwe tsiku, nthawi, nambala ya mita ndi dzina la wotungayo. Liikidwe m'bokosi la ayezi ndi kufika kulabotale pasanathe maola 6 ngati n'kotheka, osapitirira maola 24. Pemphani kuti apime E. coli, kachilombo kosonyeza kuti m'madzi mwalowa chimbudzi, kamene sikayenera kupezeka ngakhale kamodzi m'mamililita 100. Apimenso klorini wotsala pampopi pomwepo, amene sayenera kuchepera mamiligalamu 0.2 pa lita, ndi kuda kwa madziwo. Lipoti liyerekeze zotsatira ndi muyezo wa madzi akumwa wa MS 214.

Ndatchula mpopi wa pafupi ndi mita chifukwa bungwe lidzathawira pamenepo. Lidzati udindo wake umathera pamita, ndipo zoipazo zidachokera m'thanki yanu, m'mapaipi a m'nyumba kapena m'chidebe chosavundikira. Chimene chimatseka pakamwa potere ndi kupimitsa madzi a nyumba zitatu kapena zinayi za mzere umodzi tsiku lomwelo. Kufiira kokha nthawi zambiri kumakhala dzimbiri ndi matope otsukuluzika madzi akabwerera atasiya. Fungo la ngalande ndiye nkhani ina: paipi ikakhala yopanda madzi, madzi oipa a m'nthaka amayamwidwira mkati kudzera m'ming'alu. Yendani m'deralo, jambulani paipi yophulika kapena suweji yosefukira, tsiku lizioneka pachithunzi. Ngati suwejiyo mwini wake ndi khonsolo kapena bungwe lina, nayenso angafunike kulowetsedwa mumlandu. Kusumira mbali yolakwika kungakusiyeni ndi ngongole ya ndalama zimene mnzanuyo wawononga podziteteza.

Za anawo, sungani mabuku awo a kuchipatala ndi malisiti onse, ndipo pemphani lipoti lolembedwa ndi dokotala. Ngati adapimidwa chimbudzi, zotsatira zake ndi zamtengo wapatali. Ngati m'buku mudangolembedwa kuti kutsekula m'mimba, bungwe lidzaloza zakudya za kumsika kapena za kusukulu. Mlandu ungakhalebe ndi mphamvu ngati mabanja ambiri a mzere wanu adadwala masiku omwewo, komanso bwalo lingalamule bungwelo kutulutsa mabuku ake a zopima madzi ndi a madandaulo a sabata imeneyo. Sindingakulonjezeni kuti zikwanira. Zitengera kuchuluka kwa mboni ndi zimene zalembedwa m'mabukumo.

Zimandikwiyitsa kuti mayi wodwazika ana amayankhidwa kuti "tibwera" katatu osapatsidwa ngakhale nambala ya dandaulo, chifukwa mawa ofesi yomweyo idzati palibe adadandaula. Lembani kalata sabata ino. Tchulani nambala ya akaunti, masiku amene madzi adaipa, masiku amene mudaimba, ndi zimene mukufuna: kupima madzi, kukonza paipi, kuunikanso bilu. Pitani nayo nokha, akudindireni pakope yanu. Ngati nyumbayo ndi ya lendi ndipo akaunti ili m'dzina la alandilodi, asaine nawo pa nkhani ya bilu. Pa za kudwala kwa ana mukhoza kusuma inuyo m'malo mwawo.

Malangizo a alamu anuwo musawatsate. Mukasiya kulipira akudulirani madzi, ndipo nkhani idzasanduka ya ngongole yanu. Lipirani ndalama imene mumalipira mwezi wamba, n'kulemba kuti yotsalayo mukuitsutsa. Yerekezani manambala a pamita ndi a pabilu. Tsekani mipopi yonse muone ngati mita ikuyendabe. Ikayenda, pali podontha kumbali yanu. Madzi akuda amene mudataya podikira kuti ayere adadutsanso pamita, choncho pemphani kuti akuchotsereni. Akakudulirani, musadzilumikizire nokha, umenewo ndi mlandu.

Kalata ikapanda kuyankhidwa, dandaulani ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula, kapena kwa Ombudsman, womva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma, komwe simulipira kanthu, koma dziwani kuti Ombudsman satenga nkhani imene ili kale kubwalo. Chipukuta misozi cha kudwala chimafunika bwalo la milandu, ndipo ngati ndalama za loya mulibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osowa pa milandu, makamaka muli gulu ndi anansi anu. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 3 pa milandu ya kuvulazidwa m'thupi chifukwa cha kusasamala kwa wina, koma mboni zimasamuka, choncho lembani maina awo lero. Pakadali pano madzi akumwa muziwiritsa mpaka abwate kwa mphindi imodzi, kapena muzithira klorini motsatira malangizo a pabotolo.