Achimwene Ako Anazolowera Anthu Angati?

Mdzukulu wanga, kalata yako ndaiwerenga, ndipo ndamva kutopa kumene kuli m'mawu ako. Wanena kuti achimwene ako, amene ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa munthu kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu ena) ndipo apitirira zaka 30, amakhala pakhomo ndi amayi ako, kuti masiku ano ayamba kukuwa ndi kudzimenya mpaka usiku, ndipo wafunsa ngati pali mankhwala owakhazika mtima pansi amene ungamatumize, popeza ntchito inakupititsa kutali. Palibe mankhwala ochiza autism. Madokotala amapereka mankhwala a mavuto amene kawirikawiri amayendera limodzi nayo, monga khunyu, kusowa tulo ndi nkhawa, ndipo amatero atamuona munthuyo ndi maso awo. Ndiponso munthu amene anali wodekha akasintha mwadzidzidzi, pamafunika kumuona mano, makutu ndi m'mimba, chifukwa ambiri mwa anthu amenewa satha kuloza pamene pakupweteka, moti dzino lobooka kapena kudzimbidwa zimaonekera m'khalidwe. Muwaperekeze kuchipatala musanagule chilichonse.

Koma funso limene ndikanakonda uyambe nalo ndi lina. Kupatula amayi ako, kodi ndi ndani wina amene achimwene ako amalola kuti awamete, awapatse chakudya, kapena angokhala nawo pafupi? Ngati palibe, vuto lalikulu la banja lanu lili pamenepo, chifukwa amayi ako akukalamba, ndipo tsiku limene adzagonekedwe m'chipatala, achimwene ako adzataya nthawi imodzi munthu yekhayo amene amawamva ndiponso ndondomeko yonse ya tsiku lawo.

Kale achibale ankabwera pakhomo kudzakhala pansi, ndipo sankayang'ana nthawi. Ndili mwana, m'banja mwathu munali bambo wina, msuweni wa amayi anga, amene lero ndikuganiza kuti madokotala akanati ali ndi autism, ngakhale kuti ife dzinalo sitinkalidziwa. Sankayang'ana munthu m'maso, ankatseka makutu ndi zikhatho ana tikamasokosa, ndipo akasangalala ankagwedeza thupi uku akung'ung'udza. Azakhali ake ankabwera tsiku lomwelo sabata iliyonse. Sankamukakamiza moni wapadzanja. Ankakhala chapatali pang'ono ndi nsalu yawo yosoka, n'kumacheza ndi amayi ake chapansipansi mpaka dzuwa kupendeka, kenaka n'kutsanzika. Miyezi inapita bamboyo akuoneka ngati sakuwaona n'komwe. Kenaka anayamba kusendera, ndipo tsiku lina anatenga kapu yake, imene munthu wina aliyense sankaloledwa kuikhudza, n'kukaiika pafupi ndi mapazi a azakhaliwo kuti amuthirire madzi. Amayi ake anatuluka misozi mwakachetechete. Amayiwo atayamba kudwaladwala, azakhali aja ndi amene analowa m'malo mwawo, ndipo bamboyo anadya, anasamba ndi kugona monga mwa masiku onse. Ifenso ana ankatituma kukakhala naye, atatichenjeza kuti tisakuwe ndiponso tisasunthe tsache lake pamalo pake, pakuti kusesa pabwalo inali ntchito yake, ndipo ankaigwira bwino kuposa tonsefe.

Khalidwe limeneli ndi limene ndikuona likutha. Inu a masiku ano muli ndi mitima yabwino, ndipo sindikukayikira zimenezo, koma mumatumiza ndalama pafoni n'kuona ngati mwafika. Mumaimba foni ya vidiyo, nkhope zinayi zikulankhula nthawi imodzi, achimwene ako akathawira kuchipinda mumati sakonda anthu. Patchuthi mumafika nonse pamodzi ndi wailesi, mafuta onunkhira ndi makamera, n'kusuntha mipando, pamene kwa munthu wa autism phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa mwadzidzidzi zimatha kukhala zowawa zenizeni. Mukachoka, amayi ako ndi amene amatsala ndi ntchito yowakhazikanso.

Usaganize kuti izi ndi nkhambakamwa za okalamba. Dokotala Leo Kanner wa kuchipatala cha Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore ku America, atalemba za ana 11 a autism m'chaka cha 1943, mwana woyamba pamndandanda wake anali Donald Triplett wa m'tauni yaing'ono ya Forest ku Mississippi. Ali mnyamata anakakhala kwa banja lina la alimi, ndipo iwo ataona kuti amakonda kuwerenga zinthu ndi kuyeza, anam'patsa ntchito yowerenga mizere ya mbewu polima ndi yoyeza kuya kwa chitsime. Atakula anamaliza maphunziro ku Millsaps College, anagwira ntchito kubanki kwa zaka zambiri, ankayendetsa galimoto, ndipo makolo ake atamwalira anapitiriza kukhala m'nyumba yawo, mchimwene wake ndi anthu a m'tauniyo akumuyang'anira. Anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Banja lake linali lopeza bwino, ndipo si onse a autism amene angafike pamene iye anafika, chifukwa ena salankhula n'komwe ndipo amafuna chithandizo usana ndi usiku. Komabe chimene chinamusunga makolo atapita n'chakuti anthu ambiri anali atamuzolowera, iyenso atawazolowera.

Tsono ukapita kwanu, upite wekha kapena ndi m'bale mmodzi, ndipo amayi ako awauziretu achimwene ako za tsikulo, ngakhale powaonetsa chithunzi chako kapena kuchonga pakalendala. Ukafika, ukhale pansi ndi kantchito kako m'manja. Polankhula nawo unene mawu ochepa ndi olunjika, kenaka udikire, chifukwa yankho limatha kuchedwa, ndipo kubwerezabwereza funso kumangowasokoneza. Akamagwedeza thupi kapena kukupiza manja usawaletse, pakuti ndi mmene amadzikhazikira mtima pansi, pokhapokha ngati akudzivulaza. Ndipo chonde, musamakambirane za iwo ali pomwepo ngati kuti palibe. Ndi munthu wamkulu, ndipo ambiri amene salankhula amamva zambiri kuposa mmene timaganizira.

Utengenso kope ndi cholembera. Zonse zimene amayi ako akudziwa zili m'mutu mwawo mokha: nthawi imene achimwene ako amadzuka, chimene amayamba pakati pa kusamba ndi kudya, chovala chimene chimawayabwa, kaliridwe kosonyeza njala ndi kosonyeza ululu, mankhwala amene anamwapo ndi mmene anawachitira. Uwafunse pang'onopang'ono, ulembe, ndipo kopelo likhale pamalo amene abale onse akuwadziwa. Amayi ako mwina adzayamba akana, adzati palibe angathe, chifukwa asenza okha katunduyu zaka zambiri ndipo anaiwala kuti kupuma n'kotani. Usakangane nawo. Pakati pa abale amene ali pafupi mupeze awiri odekha amene angamabwere tsiku lomwelo ndi ola lomwelo sabata iliyonse, ndipo ndalama zimene umafuna kugulira mankhwala zija zikhale zoyendera zawo. Poyamba azikhala amayi ako ali pomwepo, kenaka amayiwo azichokapo kwa kanthawi kochepa, atawauza achimwene ako nthawi imene abwerere, ndipo azibwereradi pa nthawi imene anenayo.