Ma log akudzaza disk ku Ngabu, ndipo chifukwa chake n'chakuti seva imagona usiku

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amayang'anira makompyuta pa ofesi ina ya alimi ku Ngabu. Ali ndi seva ya PostgreSQL, pulogalamu ya database, yosunga mayina a alimi, zimene anakongola ndi thonje limene anagulitsa. Anaikonza kuti tsiku lililonse lizikhala ndi fayilo yake ya log, momwe seva imalemba zimene zikuichitikira, ndipo sabata ikatha yakaleyo izifufutika yokha. Koma mafayilowo akungonenepa, disk yatsala pang'ono kudzaza. Mtima utamupweteka anafufuta fayilo yaikulu ndi rm, lamulo lofufutira mafayilo pa Linux, malo osabwerera ngakhale pang'ono. Ananditumizira mizere iyi ya mu postgresql.conf, fayilo ya makonzedwe a PostgreSQL, n'kufunsa kuti walakwitsa pati:

log_filename = 'postgresql-%a.log'
log_truncate_on_rotation = on
log_rotation_age = 1d
log_rotation_size = 100MB

Achimwene, mizere itatu yoyambayo ilibe chilema. Ndi njira yomwe malangizo a PostgreSQL eni ake amapereka kwa munthu wofuna kusunga ma log a masiku asanu ndi awiri: %a imalemba dzina la tsiku, ndiye mumakhala ndi postgresql-Mon.log, postgresql-Tue.log mpaka Sun. Chimene chinandipatsa yankho ndi mawu amene munangowaponya kumapeto kwa imelo, akuti sevayo mumaizimitsa poweruka chifukwa kachipinda kake n'kofolera malata ndipo batire ya UPS, chipangizo chothandiza magetsi akathima, inatha kalekale. Sindikukudzudzulani. Ine ndimakhala ku Nchalo, ndikudziwa mmene chipinda chotseka chimakhalira mu Okutobala, ukalowamo ngati walowa mu uvuni ya njerwa. Koma vuto lanu lagona pomwepo.

Mukayatsa logging_collector mu postgresql.conf, PostgreSQL imadzutsa kanthu kapadera kongolemba ma log basi. Mukachita ps, lamulo loonetsa mapulogalamu amene akuyenda, mukaona, kamalembedwa kuti postgres: logger. Kanthuka kamasintha fayilo nthawi ikakwana, kukula kukakwana, kapena mukakalamula nokha. Pamene seva ikudzuka kamatsegulanso fayilo. Koma kufufuta zakale kuja kumene munapempha ndi log_truncate_on_rotation kumachitika pa njira imodzi yokha, ya nthawi. Kwa inu ndiye kuti 12 koloko usiku. Pa nthawi imeneyo logger amatseka fayilo ya Lolemba, n'kutsegula ya Lachiwiri, n'kupukuta zonse za Lachiwiri lapitalo ngati mphunzitsi akupukuta bolodi. Seva ikamadzuka m'mawa sapukuta kanthu, amangopitiriza kulemba m'munsi mwa zimene wapeza. Anazipanga dala choncho, ndipo n'zanzeru: seva itagwa masana n'kudzukanso, simungafune kuti umboni wa chimene chaigwetsa upukutidwe pomwepo.

Tsono taganizani. Seva yanu 12 koloko usiku imakhala ili gone. Lachiwiri m'mawa mukaiyatsa imapeza postgresql-Tue.log ya sabata yatha n'kuwonjezerapo. Sabata ya mawa chimodzimodzi. Bolodi lija silinapukutidwepo chiyambire. Tsegulani fayilo imodzi ndi head, lamulo loonetsa mizere yoyamba, muone deti la mzere woyamba, mudzapeza kuti ndi la miyezi ingapo kumbuyoku. Ngakhale amene sazimitsa dala zimawachitikira magetsi akamathima usiku. Ndinazionera pa seva yanga m'miyezi ija itatsatira namondwe Ana mu Januwale 2022, pamene malo opangira magetsi a Kapichira anawonongeka ndi madzi osefukira, magetsi n'kumabwera mogawana.

Mzere wachinayi uja, wa 100MB, sukukuthandizani. Fayilo ikafika pamenepo logger amafunadi kusintha, koma akawerenga dzina latsopano amapeza lomwe lija, chifukwa tsiku silinasinthe. Amatsegulanso yomweyo n'kupitiriza. Ikani 0.

Za rm zija. Pa Linux, kufufuta fayilo kumangochotsa dzina lake. Ngati pali pulogalamu imene yaigwira, malo ake sabwerera mpaka pulogalamuyo itaisiya. Inu munafufuta fayilo ya tsiku lomwelo, logger akulembamo, ndiye iye anapitiriza kulemba mu fayilo yopanda dzina. N'chifukwa chake zikatere df, yoonetsa malo otsala pa disk, ndi du, yowerenga kukula kwa mafayilo, zimakuuzani zosiyana. Lamulo la lsof +L1 limaonetsa mafayilo amtunduwu. Pofika lero malo aja anabwerera okha pamene munazimitsa seva madzulo, koma zikadzachitikanso musadikire kuweruka: lowani mu psql, pulogalamu yolankhulira ndi PostgreSQL, muchite SELECT pg_rotate_logfile(), kapena kunja kwa psql muchite pg_ctl logrotate ngati muli pa PostgreSQL 12 kupita m'tsogolo. Logger amasiya yakaleyo n'kutsegula yatsopano. Ndipo mukafuna kuchepetsa fayilo imene ikulembedwa, truncate -s 0, imene imapukuta za m'kati osachotsa fayiloyo, ndi yabwino kuposa rm.

Apa ndichenjeze ndisanaiwale, poti munthu disk ikamudzalira amafufuta chilichonse chimene chaoneka chonenepa. Foda ya pg_wal musaikhudze. Kale inkatchedwa pg_xlog, ndipo anaisintha dzina mu PostgreSQL 10 m'chaka cha 2017, mwa zina chifukwa anthu ankaona mawu akuti log n'kumaganiza kuti ndi zinyalala. M'menemo ndi mmene database imadalira podzikonza magetsi akathima mwadzidzidzi. Mukafufuta, ngongole za alimi mukazifunafuna m'makope.

Nanga mukonze bwanji? Ena angakuuzeni kuti muziisiya seva yoyaka usiku wonse. Popanda UPS yabwino ndi mpweya wozizira, ine sindingakulangizeni zimenezo. Kuli bwino musiye kudalira pakati pa usiku. Lembani chonchi:

log_filename = 'postgresql-%Y-%m-%d.log'
log_truncate_on_rotation = off
log_rotation_age = 1d
log_rotation_size = 0

Tsopano tsiku lililonse lili ndi dzina lakelake limene silibwereranso. Seva idzuke 7 koloko m'mawa kapena 10 koloko magetsi atabwera, imatsegula fayilo ya deti la lero. Zimenezi sizifuna kuzimitsa seva, SELECT pg_reload_conf() mu psql ndi yokwanira. Chimene chimafuna kuyatsanso seva ndi logging_collector yokha, ndipo inu munayatsa kale. Chotsala n'chakuti PostgreSQL siifufuta mafayilo akale a mayina otere, ntchito imeneyo mupatse cron, pulogalamu yoyendetsa malamulo pa nthawi imene mwaika:

find /njira/ya/foda/log -name 'postgresql-*.log' -mtime +14 -delete

Njira ya fodayo muike yanu. Poyamba yesani opanda -delete muone zimene wasankha. Ndipo chonde, musaike lamuloli kuti lizichitika usiku, mungabwerere m'dzenje lomwe lija. Liikeni 11 koloko m'mawa, nthawi imene mukudziwa kuti muli mu ofesi. Ngati pa makina anu pali anacron, pulogalamu yofanana ndi cron, iyo imakumbukira ntchito imene inaphonyedwa n'kuichita seva ikadzuka. Mafayilo asanu ndi awiri akale aja, a Mon mpaka Sun, koperani pa flash ngati mukuwafuna. Pakapita masabata awiri lamulo lomweli lidzawasesa.

Onaninso log_timezone. Ngati pali UTC, nthawi imene dziko lonse limawerengerapo, deti la fayilo lizisintha 2 koloko usiku nthawi yathu, ndipo nthawi za m'mizere ya log zizitsalira ndi maola awiri. Ikani Africa/Blantyre, kuti wina akadzati kompyuta inakana 9 koloko mudzayang'ane pa 9 koloko.

Chinthu china chimene simunandifunse koma chikundivuta mumtima: ofesi ya anthu ochepa ngati yanu siyenera kulemba ma log ochuluka chotere, ngakhale atadzikundika miyezi. Ndikukayikira kuti wina anaika log_statement = 'all' pofufuza vuto linalake n'kuiwala kubweza. Ngati ndi choncho, seva ikulemba funso lililonse limene kalaliki watumiza, pamodzi ndi mayina ndi manambala a foni a alimi, mu fayilo wamba yosabisika. Bwezani pa 'ddl' kapena 'none', ndipo ngati mukufuna kugwira mafunso ochedwa, ikani log_min_duration_statement = 1000, kuti izilemba okhawo opitirira sekondi imodzi. Mukatero nditumizireni zimene ls -lh ikuonetsa mu foda ija Lachisanu likubwerali.